Za Nchito za Manja: Kusintha Loko Wolizira Galimoto

Mwezi uno tikambirane za kanthu kakang'ono kamene kamakhala pa khosi la chiongolero cha galimoto. Ndinena loko uja timalowetsamo kiyi pofuna kuliza injini. Kapena wina adzati, "Ife tiribe galimoto, nanga nkhani iyi itikhudza bwanji?" Koma taganizani. Pa mudzi pakakhala galimoto imodzi yokha, kaya ndi ya mwana wa ku nchito, kaya ya wamalonda wa pa msika, imeneyo ndiyo imanyamula mai wodwala usiku kumka naye ku chipatala, ndiyo imatuta chimanga, ndiyonso timakwera tonse popita ku ukwati ndi ku maliro. Amene alibe galimoto amakwera ya mnzache, ndipo moyo wache umatsamira pa loko yemweyo.

Ambiri amayesa kuti nchito ya loko ameneyu ndiyo kutsekereza mbala, basi. Chifukwa chache akayamba kubvuta sachita naye mantha. Wina amagwedeza kiyi m'mawa uli wonse kufikira atalola. Wina amazula za m'kati nayamba kupotokola ndi sikuludiraiva. Winanso amadula mawaya, nawapotera pamodzi, nayamba kuliza galimoto pokhudzitsa nsonga ziwiri, monga amachitira akuba. Galimoto imayenda ndithu, ndipo mwini wache amakondwa kuti ndalama zatsala m'thumba. Koma loko ameneyu amagwira zinthu zitatu pa nthawi imodzi: moto wa injini, chiongolero, ndi zotetezera anthu pa ngozi. Akalekerera pamene galimoto iri pa liwiro, zonse zitatuzo zingathe kutayika pa kamphindi kamodzi.

Kale sikunali kotero. Magalimoto oyamba ankawaliza ndi chitsulo chokhota chimene munthu ankapukusa kutsogolo kwa injini, ndipo injini ikabweza mphamvu m'mbuyo, chitsulocho chinkathyola dzanja la wopukusayo. M'chaka cha 1912 magalimoto a Cadillac ku America anatuluka ndi makina amagetsi olizira injini, amene anakonza Charles Kettering. Ndiwo aja timati sitata. Ngakhale pamenepo kiyi anali wongotsegulira moto, ndipo sitata ankachita kuiponda ndi phazi kapena kudina batani lapadera. Mu 1949 kampani ya Chrysler inafalitsa njira imene tiidziwa ife, yakuti kiyi mmodzi yemweyo atsegule moto ndi kulizanso injini. Pambuyo pache anaonjezapo mpiringidzo womanga chiongolero, ndipo pofika 1970 magalimoto atsopano a ku America pafupi-fupi onse anali nao. Motero nchito zimene zinali zobalalika zinasonkhana pa malo amodzi.

Tsono tiyeni timpatule loko, tione za m'kati mwache. Choyamba ndi mtima wache, umene amakaniko amautcha barrel. Ndi chitsulo chobulungira ngati kachidutswa ka nzimbe, chokhala ndi mpata wolowera kiyi, ndipo chimazungulira m'kati mwa chitsulo china chimene ndidzachitcha nyumba ya loko. Mu mtimamo mwandandalikidwa tizitsulo topyapyala ta mkuwa, 6 kapena 8, mwina kufikira 10, ndipo kali konse kali ndi zenera pakati ndi kasipiring'i kokakankhira kunja. Popanda kiyi tizitsuloto timasuzumira m'mbali ndi kukodwa m'ngalande ya nyumba, kotero kuti mtima sungatembenuke. Kiyi woyenera akalowa, mano ache amakoka kachitsulo kali konse pa muyeso wache-wache, tonse timabwerera m'kati ndi kulingana, ndipo mtima umazungulira. Koma mkuwa ndi wofewa. Munthu woliza galimoto ka 10 pa tsiku amapotokola kiyi koposa ka 3,000 pa chaka, ndipo magalimoto ambiri amene amatifika kuchokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban, amakhala atagwira kale nchito zaka zambiri. Onjezanipo pfumbi la m'chirimwe, limene limalowa pamodzi ndi kiyi ndi kupera tizitsuloto monga mchenga umaperera mphika. Mano a kiyi amalala, mazenera aja amakula, ndipo tsiku lina muyeso sukwananso.

Chachiwiri chiri kumbuyo kwa mtima, ndicho swichi ya magetsi, kumene kumalowa mawaya. Pa nkhope ya loko pamalembedwa mau anai: LOCK, ACC, ON ndi START. Pa LOCK zonse zazima. Pa ACC wailesi imaimba, koma injini iribe moto. Pa ON ndi pamene kiyi amakhala ulendo wonse. Pa START mpongokankhira kamphindi kuti sitata ipukuse injini, ndipo mukataya kiyi amabwerera yekha pa ON. M'kati mwa swichi muli kamsomali kokankhidwa ndi sipiring'i, kamene kamagwera m'timaenje, ndipo ndiko kamagwira kiyi kuti asachoke pamene mwamuika. Mumakamva ndi zala pamene kiyi amalumpha kuchoka pa malo ena kufika pa ena. Chachitatu ndi mpiringidzo uja. Mukazula kiyi, sipiring'i imaukankhira m'mphako ya mtengo wa chiongolero, ndipo chiongolero chimauma gwa.

Kuti muone kuti sindikuopsani chabe, tamverani zimene zinachitika ndi kamsomali ka m'swichi. Mu February 2014 kampani ya General Motors ku America inayamba kuitanitsa magalimoto ache ang'ono-ang'ono, monga Chevrolet Cobalt ndi Saturn Ion, kuti akakonzedwe, ndipo pomaliza anakwana pafupi-fupi 2.6 miliyoni. Chirema chinali chakuti kamsomali kaja ndi sipiring'i yache zinaperewera ndi mamilimita 1.6, muyeso wosafika ngakhale kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Galimoto ikagunda pokumbika, kapena bondo la woyendetsa likakhudza makiyi, kiyi ankatsetsereka yekha kuchoka pa ON kumka pa ACC. Pomwepo injini zii, pakati pa mseu. Chiongolero chinkalemera, mabuleki ankalimba, ndipo choipa koposa, zikwama za mpweya zija zimafufuma pa ngozi kuti munthu asamenye chifuwa ndi mutu sizinkatuluka. Thumba la chipepeso limene kampaniyo inakhazikitsa, moyang'aniridwa ndi loya Kenneth Feinberg, linabvomereza kuti anafa anthu 124, ndipo ena 275 anabvulala. Mu 2015 kampaniyo inalipira boma la America madola 900 miliyoni. Chinanso chimene chinaululika nchakuti mu 2006 anali atakonza kamsomaliko mwakachetechete, osasintha nambala ya chipangizo, kotero kuti maswichi abwino ndi oipa anasakanizika m'masitolo pansi pa nambala imodzi, ndipo makaniko wofuna kuchiritsa galimoto akanatha kuikamo nthenda yomweyo osadziwa.

Magalimoto amenewo sali ambiri m'miseu yathu, koma loko wokalamba wa mtundu uli wonse angathe kufooka chimodzi-modzi. Ndipo ife tiri ndi chizolowezi chomangira pa mphete imodzi makiyi a nyumba, a golosale, a sutikesi, pamodzi ndi chotsekulira mabotolo ndi kampeni. Mtolo wonsewo umalendewera pa loko, ndipo pa mseu wa miyala umakoka mtima uku ndi uku ulendo wonse. Pamene General Motors inali isanathe kusintha maswichi aja, inalangiza eni magalimoto kuti achotse zonse pa mphete, atsale kiyi wa galimoto yekha. Langizo limenelo liribe mtengo, ndipo litiyenera ifenso. Chizolowezi china ndi choipa koposa, ndicho cha oyendetsa amene amazimitsa injini pa mtsetse kuti petulo asathe. Pa mtsetse wonga wa ku Chiweta kapena wa Khwekhwerere, munthu wotere wadzichitira dala chimene chinapha anthu a ku America aja. Injini ikazima, mphamvu yothandiza mabuleki imatha mutaponda kawiri kapena katatu, ndipo ngati loko ndi wotha, kiyi angathe kupitirira mpaka pa LOCK ndi kusololoka, mpiringidzo nkugwa pakati pa khona. Wokwera ali yense ali ndi ufulu wakudzudzula woyendetsa wotere, ngakhale akhale mkuru wache.

Nanga loko akayamba kubvuta tichite chiani? Musafulumire kugula. Nthawi zambiri kiyi akakana kutembenuka, loko alibe mlandu: galimoto inaimikidwa matayala atakhota, ndipo chiongolero chapanikiza mpiringidzo. Gwedezani chiongolero kumanja ndi kumanzere ndi dzanja limodzi, lina likuyesa kiyi mofatsa, ndipo adzalola. Ngati galimoto ndi ya magiya osintha okha, onani kuti ndodo ya giya yafikadi pa P. Zikakanika, yesani kiyi wapadera amene sanagwire nchito kwambiri. Akatembenuka bwino, wotha ndi kiyi wakale, si loko ai. Pamenepo musapereke kiyi wothayo kuti akadulireko wina, pakuti makina odulira amatsata mano monga aliri, ndipo mudzalandira kiyi watsopano wokhala ndi ukalamba wa mnzache, perekani wapaderayo. Musathiremo mafuta ophikira, kapena oilo wa injini, kapena girisi, pakuti zimenezi zimagwira pfumbi ndi kusanduka phala. Unga wakuda wa graphite, umene uli mu mtima wa pensulo, kapena mankhwala opopera opangidwira maloko, ndizo zoyenera.

Penyaninso zizindikiro, chifukwa mbali zitatu zija zimadwala mosiyana. Kiyi akamakodwa, kapena akamasololoka injini iri kulira, wadwala ndi mtima. Kiyi akamatembenuka bwino koma nyali za pa dashibodi osayaka, kapena injini nkumazima galimoto ikagunda pokumbika, kaikirani swichi ya kumbuyo. Imeneyi kawiri-kawiri imagwidwa ndi tisikuluwu tiwiri, ndipo imasinthika payokha. Mukamva kugogoda kumodzi kokha pofika pa START, yambani mwaona batire ndi sitata, loko mumleke.

Mukatsimikiza kuti mtima ndiwo watha, pali nkhani ya makiyi imene muyenera kuiganizira musanatulutse ndalama. Mtima watsopano umadza ndi makiyi ache, ndipo amenewo sadzatsegula zitseko. Mudzayamba kuyenda ndi makiyi awiri. Koma mmisiri wa maloko wodziwa nchito angathe kupatula mtima watsopano ndi kusanja tizitsulo tache molingana ndi kiyi wanu wakale. Ine ndiyesa kuti njira imeneyi ndiyo yopambana, makamaka pa magalimoto okhala ndi chimene amachitcha immobiliser. M'mutu wa kiyi wa galimoto yotere mwabisika kachipangizo kamagetsi kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo pakamwa pa loko pali mphete ya waya imene imafunsa kachipangizoko nambala yache. Nambala ikasiyana ndi imene kompyuta ya galimoto imaidziwa, sitata ingathe kupukusa tsiku lonse, injini osalira, kanyali kofiira kakungophethira. Ku Germany ndi ku Britain lamulo linakakamiza zimenezi pa magalimoto atsopano kuyambira 1998. Mwa amene amachokera ku Japan, ena ali nazo, ena alibe. Tsono mukagula mtima ndi makiyi atsopano, makiyiwo ayenera kukalembetsedwa mu kompyuta ndi munthu wokhala ndi makina ache, ndipo mtengo wa nchito imeneyo ungathe kuposa wa loko. Ena amazula kanjere kaja m'kiyi wakale ndi kukamata pa mphete ndi selotepi. Galimoto imalira, inde, koma aichotsera mlonda wache, ndipo idzalirira ali yense wodziwa kupotokola loko.

Za maloko ogwirapo kale nchito, a ku magalimoto ophwasulidwa, sindiletsa, pakuti ndidziwa m'mene matumba aliri. Koma muuyese pamanja musanalipire, ndipo mukane uli wonse umene kiyi wache amasololoka pa ON. Tengani wakale mukaulinganize, popeza magalimoto a dzina limodzi amasiyana malinga ndi zaka. Mmisiri akakufunsani bulu buku asanayambe nchito, musakwiye. Wotere ndiye amene sadzadulira mbala kiyi wa galimoto yanu.

Nchito yeni-yeni ya kusintha mtima si yaitali ngati kiyi wakale akali kutembenuka. Imikani galimoto pathyathyathya, matayala ataongoka, kokani buleki ya pamanja, nimuike mwala ku tayala. Musanakhudze kanthu kena, masulani waya wa batire wa ku mbali yolembedwa kamzere kamodzi, amene nthawi zambiri ndi wakuda. Sipanala ya nambala 10 ndiyo imakwana pa magalimoto ambiri a ku Japan. Mukatero dikirani. Makina a zikwama za mpweya amasunga moto kanthawi ngakhale batire litachotsedwa, ndipo chikwama chiri m'chiongolero momwemo, pafupi ndi nkhope yanu. Mabuku a Toyota amanena masekondi 90; dikirani mphindi 5, simutayapo kanthu. Mawaya ndi mapulagi achikasu ndi a zikwamazo: musawakoke, musawayese ndi nyali. Tsono masulani zikuto ziwiri za pulasitiki zokuta khosi la chiongolero. Tisikuluwu tina tiri pansi, tina timabisala kuseri kwa chiongolero ndipo timaoneka mukachipotokola. Musakanule ndi mphamvu, pakuti pulasitiki wokhalitsa pa dzuwa amasweka ngati chibade. Ngati pali mphete ya immobiliser, ichotseni mosamala muiike pambali.

Tsopano lowetsani kiyi, mumuike pa ACC. Umu ndimo aliri magalimoto ambiri a Toyota, koma a mitundu ina amafuna pa ON. Pa nyumba ya loko, pansi kapena pambali, pali kabowo kakang'ono. Lowetsanimo waya wolimba kapena msomali woonda, mudine kabatani kamene kali m'katimo, ndipo kwinaku kokani kiyi: mtima wonse udzasololoka monga chinangwa m'nthaka yofewa. Opanga anachita dala kuti kabataniko kadinike pokha-pokha kiyi atatembenuka, kuti wopanda kiyi asazule mtima. Mtima uli kunja, musapotokole za m'kati mwa nyumba, pakuti mukasuntha kamtengo kopita ku swichi, watsopano sadzalowa. Ikani kiyi mu mtima watsopano pa malo omwewo a ACC, muulowetse molunjika, kufikira kabatani katagwera m'bowo mwache. Ukakana, musaumenye, utulutseni, muone chimene chasemphana.

Koma ngati kiyi watayika, kapena wakaniratu kutembenuka, nchito yakula. Pamenepo mtima uyenera kuboboledwa ndi makina oboolera, kapena nyumba yonse ya loko ichoke. Nyumbayo imamangidwa pa khosi la chiongolero ndi mabauti amene mudzawapeza alibe mitu, ndipo mudzayesa kuti wina anawaononga. Iai, anapangidwa motero: pomanga, mutu umathyoka wokha bauti ikalimba, kuti mbala isapeze pogwira ndi sipanala. Amisiri amawamasula pogogoda m'mphepete ndi tchizulo chaching'ono ndi nyundo, kuwazunguliza chakumanzere pang'ono-pang'ono, kapena pocheka kamzere kolowera sikuludiraiva. Apa ndi pafupi ndi mawaya achikasu aja, ndipo nyundo yolemera ingathe kupweteka mtengo wa chiongolero. Safunsa anadya phula: amene sanaonepo nchito imeneyi ikuchitika aitane makaniko, iye akhale pambali ndi kupenya. Ndipo pomanga nyumba yatsopano, mabauti atsopanowo musawathyole mitu msanga. Amangeni pang'ono, yesani zonse, ndipo muwalimbitse mpaka kuthyoka pokha-pokha mutakhutira.

Kuyesako kuchitike galimoto iri chiimire, zikuto zisanabwezedwe. Bwezani mphete ndi waya wa batire. Tembenuzani kiyi pa malo onse anai, mumve ngati akulumpha bwino, ndiponso ngati akubwerera yekha kuchoka pa START. Akapanda kubwerera, sitata idzapsya. Injini iri kulira, kokani kiyi pang'ono: asatuluke. Potokolani chiongolero mpaka kumapeto kumanja ndi kumanzere, mumve ngati palibe pokodwa. Kanyali ka zikwama za mpweya kayake masekondi owerengeka ndi kuzima. Kakakhala chiyakire, pali pulagi imene yasunthika, ndipo zikwamazo sizidzatuluka pa ngozi. Zimitsani, zulani kiyi, potokolani chiongolero kufikira mpiringidzo utagwa, ndipo mulowetsenso kiyi muone ngati ukumasuka mosabvuta. Pa galimoto ya magiya osintha okha, kiyi asatuluke ndodo isanafike pa P.

Pa galimoto imene inaduliridwa kale mawaya, kuika mtima watsopano sikukwanira. Mawaya opotedwa aja alumikizidwenso monga analiri, ali yense pa mtundu wache, akutidwe bwino, ndipo makaniko aone ngati mpiringidzo sunathyoledwe ndi kusiya zidutswa m'kati, pakuti chidutswa chotere chingathe kugwera m'mphako pa ulendo. Magalimoto olizira batani, opanda bowo la kiyi, ali ndi makonzedwe ena, ndipo zimene ndalemba pano sizikhudza iwo.

Mtima watsopano umadza kawiri-kawiri ndi makiyi awiri. Mmodzi mgwiritseni nchito. Winayo muyeseni kamodzi, kenaka mumsunge m'nyumba pamodzi ndi bulu buku, osati m'galimoto momwemo, ndipo akazi anu kapena amuna anu adziwe pamene ali. Ngati pa makiyiwo pali kachitsulo kolembedwa nambala, kasungeni komweko, pakuti ndi nambala imeneyo mmisiri angathe kudula kiyi wa mano athunthu ngakhale onse awiri atalala.